Chilembwe ndinamupeza pa tsamba 300

Ine sukulu ndinalekezera Fomu 4, ndipo satifiketi yanga ndimaisunga pansi penipeni pa sutikesi, chifukwa ili ndi manambala akuluakulu osayenera kuonedwa ndi ana. Koma pakamwa ndiye ndinadalitsidwa. Pa bawo pathu ku Ndirande, nkhani ikhale ya mpira, ya feteleza kapena ya nkhondo ya kunja, womaliza kuyankhula ndimakhala ine.

Zinasokonekera pa 15 Januwale, tsiku la Chilembwe. Tili pa bawo, ine ndinalengeza kuti John Chilembwe sanafe, anazemba n'kubwerera ku America. Mnyamata wina wa ku yunivesite, amene ndinamuona ndi maso angawa akuyenda wopanda kabudula, anakhosomola pang'ono.

"Pepani madala, malinga ndi Shepperson ndi Price, Chilembwe anawomberedwa pa 3 Febuluwale 1915, chakufupi ndi Mulanje."

Pa bawo panagwa bata. Palibe anafunsa kuti Shepperson ndi mwana wa yani, kapena Price amapemphera mpingo uti. Mayina awiri okhawo anandigwetsa pampando umene ndakhalapo zaka khumi. Ndinapita kunyumba nditalumbira kuti anthu awiriwa ndiwapeza.

Ndinawapezadi, atagona pansi m'mbali mwa Victoria Avenue, pakati pa mapepala a mayeso akale ndi mabuku ophunzitsa kulemera m'masiku 30. Independent African, lolembedwa ndi George Shepperson ndi Thomas Price, lotuluka koyamba mu 1958 ku Edinburgh, masamba oposa 500. Wogulitsayo anandiyang'ana nsapato, n'kundiyang'ana kumaso.

"Bwana, ili si la aliyense. Ndangokuonani mukubwera apo ndinadziwa kuti mwini wake wafika."

Munthu akakuuza choncho sunenerera. Ndinapereka ndalama ya thumba la makala, jumbo n'kuikana. Buku lotere silibisidwa m'jumbo ngati usipa. Ndinalinyamula pachifuwa, dzina likuyang'ana kumsewu, mpaka m'minibasi. Kondakitala anangoti, "Adha, katunduyo mumulipirira kapena mumukhalira?"

Usiku umenewo magetsi anazima monga mwa mwambo, ndipo ndinayatsa kandulo. Ine ndimayembekeza kuti ndikangotsegula ndimva mfuti, ndione mutu wa William Jervis Livingstone, kapitawo wamkulu wa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero, ukudulidwa usiku wa pa 23 Januwale. Ayi ndithu. Akuluakuluwa nkhani amaiyambira kutali ngati mboni ya kubwalo la mfumu. Amayamba ndi Joseph Booth, mmishonale amene anafika kuno mu 1892, amene Chilembwe ankamugwirira ntchito asanapite naye ku America mu 1897. Ndiye muli tinambala ting'onoting'ono topachikidwa pamwamba pa mawu. Ukatsatira kanambalako kamakutumiza kwina, kumeneko akuuza kuti onani kalata yakuti ya chaka chakuti. Amene anatsatirapo fayilo ya penshoni ya malume ake akudziwa zimene ndikunena: chipinda 4 akutumiza ku chipinda 11, ku chipinda 11 akuti amene amadziwa nkhaniyi wapita ku maliro.

Ndinadzuka m'mawa kandulo itatha, tsaya langa lili pa tsamba 13.

Sindinagonje msanga. Ndinaganiza kuti vuto ndi nyumba yanga, yopanda mpweya wa maphunziro. Ndiye tsiku lina ndinavala jekete n'kupita ku Mandala House, nyumba ya 1882 ija, komwe kuli laibulale ya Society of Malawi. Dzina loti Mandala linachokera pa magalasi a m'maso a John Moir wa kampani ya African Lakes, ndipo ine ndinabwereka a mlamu wanga kuti ndifanane ndi malowo. Anthu a Chilembwe anabwera ku Mandala komweku mu 1915 kudzathyola sitolo ya zida, n'kuchokako ndi mfuti zochepa chabe. Ine ndinachokako ndi zochepa kuposa iwo, chifukwa magalasi a mlamu anandizunguza mutu.

Komabe mashelefu ndinawaona, ndipo ndinachita mantha. Kani anthu akhala akutilemba ife osadziwa! John McCracken analemba mbiri ya Malawi yonse kuyambira 1859 mpaka 1966. Landeg White anatenga Magomero yekha n'kumulembera buku lathunthu mu 1987. Pambuyo pake ndinamvanso kuti pulofesa wa ku Cambridge, Harri Englund, anatulutsa buku mu 2011 lofukula pulogalamu ya Nkhani za M'maboma ya pa MBC. Pulogalamu yomwe ija ya afisi ndi amuna ogwidwa m'nyumba za eni! Ine ndaimvera zaka zonsezi ndikuseka mpaka kutsamwa nsima, osadziwa kuti ndikutafuna digiri.

Limene linandigwira mtima ndi la Megan Vaughan, la 1987, lonena za njala ya 1949 m'boma lathu lino la Blantyre. Mayiyu anafunsa anthu m'midzi, n'kumvetsera ngakhale nyimbo zimene amayi amaimba posinja pamtondo. Ndinawerengako chikuto chakumbuyo ndi masamba awiri, zokwanira kukaopsezera munthu. Loweruka lotsatira tinapita ku Lunzu kukaona agogo awo a mayi a kunyumba, ndipo ndinakhala pampando mwendo pamwamba pa unzake.

"Agogo, kodi mukudziwa kuti kafukufuku akusonyeza kuti pa njala ya 1949 amuna ambiri anasiya akazi awo?"

Agogo anayamba afwenkha fodya wawo, n'kuyetsemula.

"Iwe mwamuna wanga, zimenezo wachita kuwerenga? Ine ndinadya gaga ndi mizu yakutchire chaka chimenecho. Bambo anga anatuluka ndi thumba kuti akukasuma chimanga. Mpaka lero akusumabe."

Anaimbanso nyimbo ya pamtondo imodzi, yonse, osayang'ana papepala, osatchula Shepperson. Kenaka anandifunsa kuti bukulo analemba m'chilankhulo chanji. Nditati Chingerezi, anati, "Ndiye anatifunsa m'Chichewa kuti akauze ndani?" Ndinayang'ana nkhuku zimene zimadutsa pabwalo. Ndikanakhala wochenjera ndikanawauza za Samuel Ntara, amene analemba Mbiri ya Achewa m'chinenero chathu kalekale, kapena malemu D. D. Phiri, amene analemba za Chilembwe ali konkuno ku Blantyre. Koma nzeru zanga zimafika minibasi itanyamuka kale.

Buku langa lija linapeza ntchito zina pakhomo. Latchingirapo chitseko mphepo ya chiperoni ikamawomba. Lakhalapo pansi pa mwendo wa tebulo. Alendo akamabwera ndimaliika poonekera, ndipo mmodzi anandifunsa ngati ndayamba ubusa. Ku bawo ndinabwerera ndi mphamvu zatsopano: nkhani iliyonse, ngakhale ya penate ya Bullets ndi Wanderers, ndimayamba ndi "malinga ndi Shepperson ndi Price". Zinkayenda bwino mpaka mnyamata uja anafunsa kuti tsamba liti.

Mwezi wathawu, usiku, mphemvu inadutsa pakhoma. Chida chapafupi chinali bukuli. Ndinalikweza ndi manja awiri, ndipo lisanafike pakhoma munagwa zinthu. Ma K2,000, atsopanotsopano, osapindika, ambirimbiri, aliyense ali ndi nkhope ya John Chilembwe ikundiyang'ana. Anachokera cha pa tsamba 300. Mphemvu inapulumuka.

Ndinagwada pansi n'kuyamba kuthokoza Mulungu kuti maphunziro amalipiradi. Ndipamene mayi a kunyumba analowa, manja ali m'chiuno.

"Bambo a mwana, bwezani momwe mwazipezamo. Ndi za banki m'khonde zimenezo."

"Mayi, ndalama za gulu mukusunga m'buku langa? Kuyambira liti?"

"Kuyambira Malichi. Pansi pa matilesi mumafikapo. M'chitini cha shuga mumafikamo. Ndinafuna malo amene ndikudziwa kuti inu simudzafikako."

Taganizani, abale anga. Miyezi yonseyi ndakhala ndikuyenda wapansi kuchokera ku Ginnery Corner mpaka ku Ndirande chifukwa chosowa ya minibasi, ndikukongola ndiwo pa okala, pamene chuma chimagona pafupi ndi mutu wanga, masamba 287 okha kuchokera pomwe ndinalekezera. Ndikanakhala munthu wowerenga tsamba limodzi patsiku, bwenzi nditazipeza chaka chisanathe.

Usiku womwewo ndinayambiranso kuwerenga mwakhama, ndikunyowetsa chala ndi malovu. M'mawa ndinaligwedeza bukulo mozondotsa, osagwa ndi K50 yomwe. Ndalama zinasamuka. Mwana wanga wamng'ono wanditsina khutu kuti anaona amayi ake atatsegula Baibulo langa cha ku Levitiko.

Panopa ndili pa tsamba 14.