Nsima ya mizimu ya ku Mulanje

Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kwathu tiyi timamwa mwachikhulupiriro, shuga timangomuonetsa kapu. Ndiye alamu atafika kuchokera ku Joni mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, n'kunena kuti banja lonse tikakwere phiri la Mulanje, ndinayamba ndawanunkhiza m'kamwa. Munthu wodya kamodzi patsiku akafunenso thukuta kuphiri?

Ndinavomera pa chifukwa chimodzi. Agogo ankati m'phiri limenelo mizimu imasiyira apaulendo chakudya. Ukuyenda umangopeza nsima yofuka nthunzi kapena nthochi zakupsa, ndipo lamulo lake n'lakuti udye wekha, osaitana mnzako. Lamulo lokoma chonchi silinatulukepo ku Nyumba ya Malamulo.

Tinanyamukira pa Likhubula. Alamu anali ndi nsapato zokwerera mapiri, ine zanga zopitira kutchalitchi. M'thumba ndinaika mchere, poopa kuti mwina mizimu ili ndi BP, komanso jumbo yotengera mkute. Ana akuthamangira kutsogolo, ine ndinkatsalira dala, kusuzumira kuseri kwa mwala uliwonse. Pa Dziwe la Nkhalamba anzanga ankasambira n'kumajambulana, ine mphuno ili m'mwamba kusaka fungo la ndiwo.

"Bambo a mwana, mwataya chiyani?"

"Ndikusirira chilengedwe, mayi."

Ndinamukokera pambali mnyamata amene anatinyamulira katundu, mmodzi mwa aja amachita mpikisano wothamanga m'phirimu chaka ndi chaka, pamene ine ndinali kupuma ngati bulu wa ngolo. "Achimwene, kodi mizimu imapakula nthawi yanji?" Anaseka, nati mwina ndikayese ku Sapitwa. Ku Sapitwa! Mamita 3,002 kupita kumwamba, kugona m'njira, chifukwa cha nsima? Pokhapokha atanditsimikizira kuti ndiwo yake ndi nkhuku yachikuda.

Tikukwerabe ndinayamba kuiganizira mizimuyo. Mwina nayonso sinalandire makuponi a feteleza. Mwina wophika wawo anagona pamzere wa petulo. Kapena inaphika ndithu, koma panadutsa andale mamawa, pajatu lamulo lija lodya osaitana mnzako iwo analiloweza asanaone n'komwe phiri.

Chakumtunda fungo linandipeza, koma silinali la ndiwo. Anali amuna akutsika chothamanga, opanda nsapato, matabwa a mkungudza ali pamutu. Umenewu ndi mtengo wa fuko lathu, ndipo mwachilengedwe sumera kwina kulikonse padziko lapansi koma m'phiri lomweli. Pamene panali nkhalango pano pali zitsa zopserera. Mu 2025 a UNESCO analiika phirili pa mndandanda wa malo a mtengo wapatali padziko lonse, tinaomba m'manja, zolankhula zinalankhulidwa. Koma akamagwira munthu, amagwira uyu wa mapazi ong'aluka, wosenzera ndalama ya ufa. Mwini lole imene ikudikira matabwawo kumunsi, ndi amene amaitsegulira njira usiku, amagona tulo tabwino kunyumba kwawo. Zimenezi zimandinyansa, ndipo apa sindikuseka.

Ndiye mizimu iphikire pati, pamtetete? Inasamuka basi, mwinanso ili ku Joni komweko.

Nkhomaliro inali buledi wa alamu ndi Sobo, kudya pagulu, aliyense woitanidwa, maso a apongozi ali pa dzanja langa. Mchere wanga unathera pa dzira lowiritsa limene tinagawana ndi mwana.

Chitsikireni miyendo inakana ntchito, moti kuchimbudzi ndimapita ndi mpini wa khasu wogwirira. Alamu akuti chaka chamawa tikakwere Chambe, khoma la mwala la mamita pafupifupi 1,700, lokwera ndi zingwe. Ndawauza kuti chingwe ndili nacho chimodzi, ndipo mbuzi yakana kubwereketsa.