Kuthamanga sikufika, ngakhale pa 9 GHz

Amene anapeka mwambi wakuti kuthamanga sikufika analibe kompyuta, analibe ngakhale wotchi. Ankanena za miyendo, za munthu wopupuluma amene amanyamuka tambala woyamba ali liwiro lokhalokha, dzuwa likafika paliwombo n'kupezeka ali thasa pansi pa mtengo akupumira m'mwamba, nkhalamba yandodo imene anaidutsa m'mawa ikumupatsa moni n'kumapitirira. Koma mwambi wabwino supuma pantchito. Masiku ano wapeza ganyu m'timashopu ta makompyuta pa Milange, ndipo ntchito yauchulukira.

Mukawoloka pa Muloza n'kukwera kabaza kulowa m'tauni ya patsinde pa phiri la Tumbine, timashopu timeneti simungatiphonye, chifukwa sipika imakulonjerani musanaone chitseko. Mkatimo muli mnyamata, benchi ndi kompyuta. Amaika nyimbo ndi mafilimu m'mafoni, amasindikiza makalata, amakonza mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe, ndipo ndalama amalandira zonse, meticais kapena makwacha, bola zisakhale zong'ambika. Makompyuta ambiri ndi akaunjika, ma Dell OptiPlex ndi ma HP amene anakalambira m'maofesi akunja. Amenewa ndi ofatsa chibadwire. BIOS yawo, malo osinthira makonzedwe a kompyuta, ndi yokhoma, palibe pokhudza liwiro, choncho mwini wake amagona tulo.

Tulo timatha chaka chimene nandolo wagulidwa bwino. Mnyamata amadzimangira kompyuta yakeyake, purosesa ya Intel ya nambala yothera ndi K kapena Ryzen ya AMD, zimene fakitale inazisiya zosakhoma. Kenako amamva pa YouTube kuti kuli overclocking, kuthamangitsa purosesa kupitirira liwiro limene eni ake anaika. Masamu ake ngokopa mtima. Liwiro la maziko ndi 100 MHz, ndipo BIOS imalichulukitsa ndi nambala ina. Ikakhala 40, purosesa ili pa 4 GHz. Ukafufuta n'kulemba 44, wafika pa 4.4 GHz osatulutsa ngakhale metical imodzi. Mundionetse munthu wa m'malire amene anakanapo basela.

Aliyense wa pa Milange anaonapo njinga zonyamula chimanga kupita ku Muloza ndi ku Limbuli. Njinga imene fakitale inapangira munthu mmodzi ndi kachikwama kake imasenza matumba angapo, mwini wake atawotcherera kaliyala, atasintha masipoko. Wanjinga wozindikira sayesa njinga yake ili yopanda katundu pabwalo la sukulu. Amadziwa kuti chilungamo chili pamtsetse, dzuwa likuswa mtengo, matumba ali pamwamba, mabuleki akulira. Wa kompyuta ndi amene amaiwala zimenezi. Windows ikangoyaka, Facebook n'kutseguka, iye wayamba kale kuitana anzake kuti adzaone nambala.

Purosesa yothamangitsidwa imafuna moto wambiri, umene BIOS imautcha Vcore, ndipo walira mvula walira matope. Kutentha sikukwera mwaulemu ayi. Kuchoka pa 1.2 V kufika pa 1.4 V kumaoneka ngati kusuntha pang'ono, koma magetsi amene purosesa imadya amakwera ndi gawo limodzi mwa magawo atatu n'kupitirirako, tisanawerengere za liwiro lowonjezeralo, ndipo onsewo amasanduka kutentha. Ikafika cha pa madigiri 100, purosesa ya Intel imadzichepetsera yokha liwiro kuti isapse. Ryzen 7000 imachita zimenezi pa 95. Apa m'pamene mwambi umaseka chikhakhali: kompyuta yothamangitsidwa ija imatha kumaliza ntchito mochedwa kuposa pamene inali isanakhudzidwe, fani ikukuwa, mwini wake akunyadira kuti phokosolo ndi mphamvu.

Ndiye pali nyengo. Phiri la Chiperone lili m'boma lomweli la Milange, ndipo mu June ndi July chiperoni chikatsika ndi nkhungu ndi mvula yowaza, kompyuta iliyonse imaoneka yamakhalidwe. Nambala zimene munaika mutavala juzi muzidzazionanso mu October, denga lamalata litatentha, fumbi la mumsewu litadzaza m'mano a heatsink. Mnyamata wa pa YouTube amene munakopera nambala zake ali m'chipinda chozizira ku Germany. Komanso mapurosesa awiri a dzina limodzi, ochokera m'fakitale imodzi, sapirira mofanana. Ina imafika pa 4.6 GHz ikumwetulira, inzake pa 4.4 yayamba kale kudandaula. Zimenezi ndi mwayi basi, palibe kokadandaula.

Tsiku la tsoka limabwera Loweruka, benchi itadzaza. Vidiyo ya ukwati yatsala pang'ono kutha, sikirini n'kusanduka yabuluu, kankhope kokhumudwa kali pakona. Mnyamata akuzimitsa n'kuyatsanso. Mafani akuzungulira, timagetsi tofiira ndi tobiriwira tikuthwanima bwinobwino, koma sikirini ili bii.

"Achimwene, nanga vidiyo yanga ija?"

"Mayi, tangodikirani pang'ono. Ndi netiweki."

Netiweki yosaukayi yanamiziridwa milandu yambiri m'dziko muno, koma uwu wokha ilibe nawo mbali. Pambuyo pa netiweki amatchulidwa vairasi, kenako a magetsi, ndipo dzuwa likamapendeka pamayamba kumveka dzina la mnyamata wa shopu yoyandikana, amene dzulo anayang'ana kompyutayo ndi diso lachilendo. Yekhayo amene analemba 44 m'malo mwa 40 ndiye satchulidwa.

Mankhwala a sikirini yakudayo ndi otchipa. Zulani chingwe kukhoma, tsegulani chivundikiro, ndipo pa motherboard mupeza kabatire kozungulira kolembedwa CR2032. Kachotseni, dikirani mphindi zochepa, kabwezereni. BIOS imaiwala nzeru zanu zonse n'kubwerera pa za fakitale. Kompyuta ikayaka, musathamangire kulembanso nambala zija. Iyeseni kaye ili choncho. Ikagwa ngakhale ili pa liwiro la fakitale, mlandu uli kwina: fumbi, thermal paste youma, power supply yopepuka ngati mulibe kanthu imene pepala lake limalonjeza mawati 500, kapena magetsi ophethira opanda UPS. Zimenezi sizichira ndi nambala za m'BIOS.

Ikapirira, yambani ulendo ngati nkhalamba yandodo ija. Sinthani chinthu chimodzi, yesani, lembani. Kope la ngongole lili ndi masamba kumapeto, ndipo angongole anu sadzawafuna. Amene amakweza purosesa, memori ndi moto nthawi imodzi, ikagwa sadziwa woti amuloze chala. Mapanga awiri avumbwitsa, nanji atatu. Uthenga wa pa sikirini yabuluu nawonso muziuwerenga musanazimitse. CLOCK_WATCHDOG_TIMEOUT ndi WHEA_UNCORRECTABLE_ERROR kawirikawiri amaloza purosesa imene yathamangitsidwa mopitirira moto umene ikulandira. MEMORY_MANAGEMENT imaloza kwa memori. Si chiweruzo chomaliza, koma mboni imeneyi ndi yodalirika kuposa diso la mnzanu wa shopu ina.

Mtsetse wa purosesa ndi pulogalamu yaulere yotchedwa Prime95. George Woltman anailemba mu 1996 kuti izisaka manambala akuluakulu amene sagawika ndi nambala ina, koma anthu anaona kuti imapanikiza purosesa kuposa ntchito zambiri, ndipo purosesayo ikalakwitsa samu imodzi yokha, pulogalamuyi imaulula pomwepo. Gawo lake loyesera limatchedwa Torture Test, ndipo dzinalo silinama. Kumayambiriro kwa 2016 inaumitsa mapurosesa a Skylake amene munthu sanawakhudze n'komwe, mpaka Intel inatulutsa chokonzera kudzera mu BIOS. Iyatseni masana, osati usiku kukuzizira, mutsegule pulogalamu ya HWiNFO pambali kuti muziona madigiri, n'kuisiya maola angapo. Mphindi khumi si mayeso, ndi moni chabe.

Memori ndiye mfiti yeniyeni ya nkhaniyi, chifukwa imalakwa mwakachetechete. Ambiri sadziwa kuti kuyatsa XMP, kapena EXPO pa makina atsopano a AMD, nakonso ndi kuthamangitsa. Paketi ya DDR4 imalembedwa 3200, koma timitengo tambiri ta memori totere tikangolowetsedwa timayenda pa 2133 mpaka mutayatsa XMP. Tsono kamtengo kamodzi kanagulidwa ku Limbe, kena kanabwera ndi msuweni kuchokera ku Mocuba, mayina osiyana, msinkhu wosiyana, inu n'kutilamula kuti tiyendere limodzi pa 3200. Nthawi zina timavomera pamaso, kuseri tikusokoneza. Purosesa ikalephera imagwa poyera, aliyense n'kuona. Memori ikalephera imangotembenuza kachidutswa kamodzi ka fayilo n'kukhala phee. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Mudzazindikira patapita milungu, Windows itayamba misala, kapena kasitomala atabwerera kuchokera kumudzi kudzanena kuti vidiyo imaima pamene mkwati akulowa m'tchalitchi.

Woyesa memori ndi MemTest86, imene inayamba mu 1994 ndipo imayaka kuchokera pa fulashi Windows isanadzuke. Ilekeni izungulire kanayi. Ikapeza cholakwa chimodzi, chimodzi chokha, yalephera. Apa palibe zoti wakhoza pang'ono. Tsitsani liwiro kufika pa 3000 kapena 2933, onetsetsani kuti timitengo tiwiri tili m'mipata yoyenera, imene pa ma motherboard ambiri a mipata inayi ndi wachiwiri ndi wachinayi kuchokera pa purosesa, ndipo yesaninso.

Akuluakulu a ntchitoyi ali ndi chifukwa chokumbukira zakale ndi misozi. Mu 1998, Celeron 300A inkachoka pa 300 MHz kufika pa 450 MHz pongosintha nambala imodzi, 66 kukhala 100. Limenelo linali basela la theka lathunthu. Lero mapurosesa amadzikweza okha malinga ndi kutentha, ndipo fakitale inakolola kale munda wonse, ife n'kutisiyira khunkha. Ngakhale eni akewo mwambi sunawasiye. Mu April 2023 mapurosesa ena a Ryzen 7000X3D anapsa chifukwa cha moto wochuluka, AMD n'kuika malire a 1.3 V pa gawo lotchedwa SoC. Mu 2024 Intel inavomereza kuti mapurosesa ena a m'badwo wa 13 ndi 14 ankadzipemphera moto wopitirira muyeso n'kumafooka, ndipo inawonjezera zaka ziwiri pa waranti. Ngati makampani a mainjiniya zikwizikwi anapunthwa pamwala womwewu, mnyamata wa pa Milange asachite manyazi kwambiri. Kusiyana n'kwakuti iye alibe waranti yopatsa mayi a pabenchi aja.

Akatswiri a mpikisano ndiye anaufikitsa mwambiwu pachimake. Mu December 2022 gulu la ASUS linapitirira 9 GHz ndi Core i9-13900K, likuthira helium wamadzimadzi wozizira kuposa chilichonse chimene chiperoni chinalotapo. Dziko linaomba m'manja, ndipo m'pake. Koma liwirolo linangokhala nthawi yokwanira kulemba umboni wa nambala. Palibe ukwati umene unakonzedwa pa 9 GHz.

Tiyeni tiwerengere monga amachitira ogula chimanga. Kuchoka pa 4 kufika pa 4.4 GHz ndi 10 peresenti. Vidiyo ya mphindi 40, zonse zikayenda bwino, itha pa mphindi 36 ndi kanthu. Mwapindula mphindi zosakwana zinayi, zongokwanira kugula mandasi. Kompyuta ikagwa kamodzi pa mphindi ya 35, phindu la mavidiyo pafupifupi khumi lapita, ndipo kasitomala wawolokera ku shopu ya mnyamata wa diso lachilendo uja, amene Dell yake yakaunjika ikungoyenda pang'onopang'ono osagwa.

Makolo sanaletse kuthamanga, anangokumbutsa kuti cholinga n'kufika. Thamangitsani ndithu ngati mtima ukufuna. Mukapeza nambala imene yapirira Prime95 ndi MemTest86 masana a October, bwererani m'mbuyo sitepe imodzi, mukhazikike pamenepo. Anzanu adzati ndinu wamantha. Asiyeni. Chikhalire palibe mayi amene anabwera kudzatenga vidiyo ya ukwati wa mwana wake n'kufunsa kuti yakonzedwa pa ma GHz angati. Funso lawo ndi limodzi, ndipo kompyuta iyenera kuliyankha kuyambira poyamba mpaka pamapeto: "Kodi ine ndikuonekamo pamene ndimafupa?"