Nkhono, guluu ndi boti la ku Dzoole

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine kuyambira ndili mwana ndinkadzifunsa kuti kodi amene anayamba kunena mawuwa analibe munda? Anzake ali kalikiliki ndi makasu, iye wagona chafufumimba kudikira kachilombo kopanda fupa kuti katulutse maso. Nanga atawaona anakolola chiyani? Yankho ndalipeza ndi imvi kale, mwana wa mlongo wanga ataganiza zokhoma boti.

Boti ku Dzoole! Ife a ku Dowa madzi aakulu timawaona pa kalendala. Nyanja ili kutsidya kwa mapiri, ku Salima ndi ku Nkhotakota, kuno tili ndi madambo, zitsime za m'dimba ndi kadamu komwera ng'ombe. Anzake a mwanayu amapinda mawaya kupanga magalimoto, koma iyeyu anatola kagalimoto ka rimoti kothyoka mateyala pa msika wa Mponela, n'kuchotsamo mota ndi timawaya take. Sipoko ya njinga anaiyesa mkono wozunguza, chitini anachidula kukhala chopalasira madzi. Zonse zinali bwino, kupatula chimodzi: sipoko iyenera kutuluka kunsi kwa boti kudzera m'kapaipi, ndipo pomwe kapaipi kaboola thabwa, madzi nawo amati odi.

Apa m'pamene ndinalowererapo monga malume wodziwa zinthu. Ndinalamula supa guluu, uja timamatira nsapato tikamapita ku ukwati. Anagwira msanga zedi, makamaka zala zanga. Koma guluu ameneyu ndi wamadzimadzi, sadzaza mpata, ndipo akauma amakhala ngati galasi. Mota itangoyamba kunjenjemera, anangoti thetheee.

Mnyamata anati, "Amalume, pafunika epoxy, guluu wa machubu awiri uja." Ndinapalasa njinga mpaka ku sitolo ya zitsulo. Pa shelefu panali mitundu iwiri. Wina analemba kuti amagwira m'mphindi 5, wina amafuna maola angapo. Munthu wa masiku ano, wozolowera kuti ndalama ya Mpamba kapena Airtel Money ifike asanabweze foni m'thumba, wokwiya pa WhatsApp uthenga ukawerengedwa koma osayankhidwa, mukuganiza anatola uti?

Guluu ameneyu sauma ngati dothi lozira nyumba, loti madzi akauluka basi. M'chubu chimodzi muli utomoni, m'chinzake muli cholimbitsa, ndipo chilichonse pachokha chikhoza kukhala chaka chili phalaphala. Zikakumana ndi pamene zimalukana n'kusanduka chinthu chatsopano, mpaka kabotolo kosakanizira kamafunda m'manja. Mmodzi mwa amene anatulukira zimenezi m'zaka za m'ma 1930 ndi Pierre Castan wa ku Switzerland, yemwe ankagwira ntchito ku kampani yopanga zipangizo za mano. Tsono musadabwe kuti akaluma sataya. Wa Pratley amene timamatira mathanki a njinga zamoto amachokera ku Krugersdorp, ku South Africa.

Malangizo amati mufinye muyezo wofanana mbali zonse. Ine ndinaganiza za tiyi: shuga akachuluka, kukoma kumachuluka. Ndinathira cholimbitsa mowolowa manja kuti alimbe kawiri. Mawa lake tinapeza chingamu. Chotsala chija chinasowa mnzake wolukana naye, chinangokhala pakati ngati mlendo wosaitanidwa pa chinkhoswe, kufewetsa zonse.

Tinayambiranso, ndipo panopa mphunzitsi anali mwana. Anakwecha thabwa ndi kapaipi ndi sandipepa kuti guluu apeze pogwira, napukuta mafuta a m'manja ndi sipiriti. Ndinafunsa ngati kachasu sangathandize, iye anati muli madzi ambiri, ndiponso amadziwa kumene wotsala angapite. Anasakaniza ndi kamtengo ka machesi mpaka mtundu unakhala umodzi, osati ndi chala, poti utomoni wosauma umayabwa ndipo ena amatupa nawo khungu. Anandiuzanso chifukwa chimene anasiyira maganizo opanga boti ndi chigubu cha mafuta ophikira: pulasitiki ya zigubu ndi mabeseni ndi yoterera ngati mlamba, epoxy amangokhalapo pamwamba, ukakanda ndi chikhadabo amasendeka.

Tsono mphindi 5 zija ndi bodza lovala suti. Si nthawi yoti ntchito yatha ayi, ndi nthawi imene muli nayo yopaka guluu asanayambe kukanika. Kulimba kwenikweni kumadza pakatha tsiku lathunthu. Ndipo wofulumirayo, ngakhale atauma, sapirira madzi ngati wochedwa uja. Wochedwa amakhala nayo nthawi yolowerera m'timabowo ta thabwa, ngati mvula yamawawa imene imafika pa mizu pomwe yamkuntho ingokokolola nthaka. N'chifukwa chake tisanayambirenso, mwana anandituma ulendo wachiwiri kukagula wochedwayo. Ndalama zanga, miyendo yanga.

Onjezani kuzizira. Unali mwezi wa July, ndipo amene anagonapo m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi nthawi imeneyi akudziwa kuti ngakhale tambala amalira monyinyirika. Epoxy naye amachita ulesi kukazizira, pomwe mu October amagwira usanamalize kupaka. Mnyamata anamanga zonse ndi malegeni, naika boti pa khonde pofika dzuwa, n'kupita kusukulu atandilangiza mawu amodzi: "Musakhudze."

Apa ndi pamene ndinamumvetsa mkulu wogona chafufumimba uja. Nkhono ukaigunda kuti ifulumire, imabweza maso m'kati, kudikira kumayambiranso. Ine ndinazungulira khondelo ngati galu pa lichero la usipa. Ndinapita kudimba, ndinabwerako. Ndinamvera wailesi. Dzuwa lili paliwombo ndinati kungogusa pang'ono sikulakwa, ndi kansonga ka chala basi. Mpaka lero chidindo cha chala changa chili pansi pa botilo, chooneka bwino kuposa chimene ndinapereka polembetsa chiphaso cha unzika mu 2017. Pochotsa chala ndinasunthanso kapaipi, moti boti limeneli likamayenda limakhotera kumanzere ngati munthu wochokera ku mowa wamasese.

Komabe linayenda. Loweruka tinapita ku kadamu kaja, ana a m'mudzi ali pambuyo pathu ngati tikutsata gule. Mota inalira, chitini chinapalasa, ng'ombe zinadzutsa mitu. M'kati simunalowe ngakhale dontho. Ndinayamba kufotokozera anthu za ubwino wa guluu wochedwa, ngati nzeru zake zinali zanga.

Lili pakatikati, mabatire anatha.

Ndinauza mwana kuti avule malaya akalitenge. Anakana: "Amalume, m'madzi oima muli nkhono za likodzo, tinaphunzira kusukulu. Lowani ndinu." Tinakhala pansi tonse awiri kudikira mphepo kuti ilikankhire kumtunda. Ana anatopa n'kubalalika, ng'ombe zinapita. Pafupi ndi phazi langa, pa tsamba lonyowa la mpiru wa m'dimba, kankhono kanayamba kutulutsa nyanga zake pang'onopang'ono, ndipo kunsonga kwake ndinawaona. Ndi timadontho tiwiri takuda, ngati nthanga za bonongwe.