Ndinatembenuza Phiri la Malume

Foni imachepetsa phiri. Aliyense amene anaimapo pa Chitakale n'kuloza kamera ku Mulanje akudziwa zimenezi: maso akuona chimwala chitadzaza theka la thambo, koma pa foni pakutuluka kachulu kali kutali, patsogolo pake msewu wotambalala ndi mawaya a magetsi. Galasi la kamera ya foni limameza malo aakulu kuposa pamene diso laikapo mtima, ndiye zapafupi zimafufuma, zakutali n'kunyentchera. Ine ndinazindikira mochedwa, nditawononga kale penti ndi thabwa, ndiponso nditakhumudwitsa munthu amene ndinkafuna kumusangalatsa.

Malume anga anakulira ku Likhubula. Unyamata wawo wonse unathera paphiri, kunyamulira katundu alendo opita ku Chambe, ku Lichenya, ku Thuchila, ena mpaka pa Sapitwa, pa mamita 3,002. Masiku ano mawondo anawakana, ndipo amakhala kwa mwana wawo ku Lilongwe, m'chipinda chimene zenera lake limayang'ana mpanda wa njerwa. Ndinafuna kuwapentera phiri lawo, kachithunzi kakang'ono koti kazikhala patebulo pafupi ndi wailesi. Pensulo ndinkaidziwa kuyambira ku pulayimale, ndipo ndinalembapo zikwangwani za maokala ndi masaluni. Ndinkaganiza kuti phiri silingavute kuposa zilembo.

Kalipentala anandidulira hardboard ya masentimita 20 ku 25. Ndinaipaka PVA yoyera mbali imodzi yokha, ndipo kutacha ndinapeza yapindika, chifukwa mbali yonyowa imakoka inzake pouma. Akanandiuza munthu kuti ndipake mbali zonse ziwiri, bwenzi itakhala bwinobwino. Ndinaitsendereza ndi mabuku mpaka inawongoka pang'ono, n'kuyamba ntchito.

Chithunzi choti ndizitsatira ndinachipeza kwa msuweni wanga, amene anadzijambula yekha ali pamsewu wa ku Likhubula m'mawa wina, phiri lili kumbuyo kwake, n'kunditumizira pa WhatsApp. Ndinamudula iyeyo n'kusiya phiri, minda ya tiyi, mtengo umodzi ndi mawaya. Kenaka ndinalemba timabokosi pachithunzi ndi pathabwa, ndipo ndinayamba kusamutsa chilichonse bokosi ndi bokosi, ndi kaburashi kakang'ono kwambiri pa onse amene ndinagula. Ndinayambira patsogolo, pa tiyi, chitsamba chilichonse pachokha. Ndinajambula mawaya. Ndinajambula ngakhale kadontho kena koyera kamene mpaka lero sindidziwa ngati kanali denga la malata kapena kuwonongeka kwa chithunzi, poti WhatsApp imapanikiza zithunzi n'kufufuta tinthu tating'ono. Mumtima ndinkati kukhulupirika kwa wojambula ndi kusasiya kanthu. Koma pathabwa laling'ono chonchi malo a chilichonse palibe, ndipo pamene ndinkafika paphiri lenilenilo, maso a munthu woyang'ana anali atatopera kale m'munda wa tiyi.

Paphiri ndi pamene ndinalakwitsa kwambiri. Nkhope ya Chambe imayang'ana kumadzulo, khoma la mwala lotalika pafupifupi mamita 1,700 limene okwera miyala amalitchula kuti ndi limodzi mwa aatali kwambiri mu Africa. M'mawa dzuwa limakhala kuseri kwake, ndiye khoma lonse limakhala mumthunzi. Diso la munthu likayang'ana mumthunzi limatseguka, n'kuona ming'alu, udzu ndi mizere ya madzi. Likabwerera kuthambo limachepanso. Kamera imasankha kuwala kumodzi pa chithunzi chonse. Ya msuweni wanga inasankha thambo, phiri n'kusanduka chinthu chakuda bii. Ine ndinakhulupirira, ndinafinya penti yakuda kuchokera mu chubu n'kupaka. Chinatuluka chibowo pakati pa chithunzi. Mthunzi wa panja sukhala wakuda, chifukwa thambo lonse limauthirira kuwala kwa buluu, ndipo dothi ndi masamba zimaubwezera kuwala kwina kuchokera pansi.

Zobiriwira nazo ndinazitenga mu chubu momwe zinalili, girini mmodzimodzi kuyambira chitsamba cha pamphuno mpaka nkhalango ya m'tsinde mwa phiri. Leonardo da Vinci, amene anamwalira mu 1519, analemba kale kuti mpweya umene uli pakati pa diso ndi phiri umalipangitsa kuoneka labuluu komanso lotuwa likamatalikira. Ife sitifunikira buku kuti tione zimenezi. Mu September ndi October, utsi wa moto wa m'tchire ukadzaza, Mulanje amatha kuzimiririka ngakhale uli pafupi naye. Chikasu ndicho chimayamba kutha m'mitundu ya zinthu zakutali, kufiira kumatsatira, buluu n'kutsala. Pathabwa langa munalibe mpweya. Nkhalango ya makilomita angapo kutali inakhala pamwamba pa tiyi ngati zonse zamera pakhoma limodzi.

Ndiye kunali kutentha kwa October. Penti ya acrylic imauma m'mphindi zochepa, ndipo pouma imada pang'ono kusiyana ndi momwe imaonekera ili yaiwisi. Ndikasakaniza buluu wa kumwamba, pofika posakaniza wotuwa wa m'munsi woyamba uja wauma kale, osalolanso kulowerana. Thambo linatuluka mizeremizere. Ndikafuna kukonza malo amodzi, mtundu watsopano unkaoneka wofanana ndi wakale, koma ukauma unkasiya chigamba. Ndinapitiriza kupaka pamwamba pa zigamba mpaka thambo linalemera kuposa phiri.

Ndinadziwa kuti sichinakongole monga ndinkafunira, komabe ndinati phiri ndi phiri, malume alizindikira. Ndinali nditawauziratu pafoni, ndipo iwo anali atauza anzawo a kutchalitchi kuti mphwawo akuwabweretsera kwawo. Nditafika ndinawapatsa ndi manja awiri. Anavala magalasi, n'kuchiyang'ana nthawi yaitali osalankhula.

"Mphwanga, pamenepa waima pati?"

"Pamsewu wa ku Likhubula, malume."

"Ayi. Ukaima pamenepo Chambe amakhala kumanzere kwako, Lichenya kumanja, mtsinje n'kutsika pakati. Apa Chambe ali kumanja. Malo amene ungaime n'kuliona chonchi kulibe."

Ndinatulutsa foni kuti ndiwaonetse umboni, ndipo ndinatsegula chithunzi chathunthu chija, chisanadulidwe. Zilembo za pa malaya a msuweni wanga zinali chagada, zowerengeka kuchokera kumanja. Mafoni ambiri amasunga chithunzi cha kamera yakutsogolo motembenuza, monga mmene umadzionera pagalasi. Chizindikiro chokhacho chimene chikanandichenjeza ndinachidula ndekha tsiku loyamba.

Malume sanaseke, ndipo sanakalipe. Anati zikomo, wavutika, n'kuika thabwalo pamwendo. Koma ndinaona kuti zawapweteka. Munthu amene anayenda njira ya Chapaluka ndi ya Skyline ali ndi katundu pamutu, amene amadziwa pamene pali poterera ndi pamene pali pomwera madzi, ndinamubweretsera dziko limene kulibe n'kumuuza kuti ndi kwawo. Mlendo akanachigula osaona vuto. Iwo sakanatha kuchiyang'ana tsiku ndi tsiku.

Madzulo amenewo anayamba kundifotokozera phiri, ine n'kumalemba kuseri kwa envulopu. Anati mwala wa Chambe sunadepo. Ndi wotuwa, uli ndi mizere yoderapo motsika m'mene madzi amayenda nthawi ya dzinja, ndipo dzuwa likapendeka umayamba chikasu, kenaka kufiirira, pomwe zigwa zake zimakhala zabuluu. Anati nthawi yabwino yoliona ndi imeneyo, osati m'mawa. Ananenanso za mkungudza, mtengo wa fuko lathu umene mwachilengedwe umamera pa Mulanje pokha. Ali anyamata unkadetsa zigwa za pamwamba, koma macheka a anthu odula mobisa anaumaliza pafupifupi wonse. "Ukadzapentanso," anatero, "udzandiikire mdima pang'ono m'mphepete mwa Lichenya. Foniyo siingakuonetse, koma unalipo."

Mawu amenewa anandimasula. Kufikira tsiku limenelo ndinkaona chithunzi cha foni ngati lamulo. Tsopano mwini phiri ankandipempha kuti ndiike chimene kamera sinaone, ndipo ngati ndikanatha kuwonjezera, ndiye kuti ndikanathanso kuchotsa.

Pobwerezanso ndinayamba ndi kutembenuza chithunzicho kuti Chambe abwerere kumanzere, kenaka ndinachichotsa mitundu yonse pafoni kuti chitsale choyera, chotuwa ndi chakuda. Ndisanakhudze penti ndinajambula ndi pensulo tizithunzi ta masentimita 4 ku 5, topanda tsamba kapena mwala, tongoonetsa pamene pawala ndi pamene pada. Apa anandithandiza John F. Carlson, wojambula wa ku America amene analemba buku la kapentedwe ka malo. Iye anaona kuti kuwala kwa chinthu kumadalira mmene chapendekera poyang'ana kumwamba: thambo ndilo lowala kwambiri, nthaka yathyathyathya imatsatira chifukwa imalandira kuwala konse, malo otsetsereka amaderako, ndipo zinthu zoimirira monga mitengo ndizo zakuda kuposa zonse. Nditaika zigawo zinayi zimenezi pakapepala, ndinaona kuti pathabwa loyamba tiyi, nkhalango ndi mtengo zinali zofanana mdima wake, n'chifukwa chake zinamatirirana. M'tizithunzi timeneti ndinakulitsanso phiri mpaka linatenga magawo awiri mwa atatu a malo onse, monga momwe limakhalira ukaima pansi pake. Msewu ndinauchepetsa. Mawaya ndinawataya. Mtengo, umene unali pakati penipeni, ndinausunthira kumanja kuti usatseke chigwa cha mtsinje.

Thabwa latsopano ndinalipaka mbali zonse, kenaka ndinalitsukuluza ndi burnt sienna wosungunula m'madzi, mtundu wa dothi la katondo. Pathabwa loyera mbee mtundu uliwonse umaoneka wakuda kuposa mmene ulili, ndipo munthu umasokonezeka. Pa lofiirira umayeza bwino, komanso timipata totsala pakati pa masamba timaoneka ngati nthaka ya kumeneko. Penti yakuda ndi girini wa mu chubu ndinaziika kutali. Ndinatsala ndi zisanu: ultramarine, burnt sienna, yellow ochre, cadmium yellow ndi yoyera. Ultramarine ndi burnt sienna zikasakanizidwa zimapereka mdima wamoyo, umene ungaupendeketsere kozizira kapena kofunda, ndipo ukathirako yoyera umapeza kutuwa konse kwa mwala. Girini wa nkhalango yakutali ndinamupanga ndi ultramarine, yellow ochre ndi yoyera pang'ono. Cadmium yellow ndinamusungira tiyi wapafupi yekha. Kuti penti isaume, ndinayala nsalu yonyowa m'kontena ya pulasitiki, pamwamba pake pepala lophikira makeke, n'kumasakanizira pamenepo. Ndinkagwira ntchito m'mamawa kusanatenthe, ndipo mtundu uliwonse ndinkausakaniza wowalirapo pang'ono kuposa umene ndikufuna.

Ndinayambira kutali kubwera pafupi, ndi burashi yaikulu yaphanthiphanthi: thambo, lodera kumwamba ndi lotuwa pokumana ndi phiri, kenaka phiri, nkhalango, tiyi, mtengo pomaliza. Ndinkafinya maso poyang'ana foni kuti tinthu tating'ono tisowe, patsale zigawo zikuluzikulu, ndipo ndinkaimirira kawirikawiri kukaonera thabwa pakhomo. Munda wonse wa tiyi unatheka ndi mikwasa yochepa ya burashi yotsata kupendeka kwa nthaka. Kaburashi kakang'ono kaja ndinakagwira kumapeto kokha, pa mizere ya madzi ya pa Chambe.

Ngakhale apo ndinagwanso. Phiri ndinaliwalitsa ndi dzuwa la madzulo monga ananenera malume, dzuwa lili kumbuyo kwa woyang'ana, koma mthunzi wa mtengo ndinaukopera pa foni, pomwe unkagwera kwa ine chifukwa linali dzuwa la m'mawa. Chithunzi chinakhala ndi madzuwa awiri. Anandionetsa ndi mwana wa mlongo wanga wa sitandade 6, amene anafunsa chifukwa chake mthunzi ukuthamangira kumene kukuchokera dzuwa. Ukasintha nthawi ya tsiku uyenera kusintha mthunzi uliwonse, ndi mbali yowala ya chitsamba chilichonse. Ndinafufuta n'kuugoneka cha kuphiri, ndipo ndinalemba kamuvi ka pensulo m'mphepete mwa thabwa koonetsa kumene kuwala kukuchokera.

Chachiwirichi malume anachilandira mosiyana. Sanafunse kuti ndaima pati. Anaika chala pachigwa, n'kuyamba kukwera nacho: apa pa ofesi ya zankhalango, apa Dziwe la Nkhalamba, apa pamene alendo amayamba kupempha kupuma. Atafika pa mdima wa m'mphepete mwa Lichenya anagwedeza mutu. Kenaka anabwerera pa Chambe.

"Phewa ili waliwongola kwambiri, mphwanga. Lili ndi pokhota chakuno, pamene mtambo umakonda kukhala. Ndipo tiyi wakoyu ndi wokalamba. Wothyoledwa kumene amakhala ndi chikasu pamwamba."

"Ndikonze, malume?"

"Tiyi musiye. Phewalo ukonze, ndipo ubwere nacho Loweruka, anzanga aja adzachione."