Insipekitala wa Ming'oma

Pali anthu amene sangaphike nyemba osavundukula poto kanthawi kalikonse, ndipo tcheyamani wawo ndine. Tsono tangoganizani munthu wotereyu atakhala ndi mng'oma wa njuchi.

Wanga ndi uja wa timatabwa toyala pamwamba, umene amati wa ku Kenya. Ubwino wake, umatukula chisa chimodzichimodzi n'kuona zonse. Kuipa kwake n'komweko. Agogo ankakoleka mng'oma wa makungwa mumtengo n'kukauonanso pofula basi. Ine ndinkatsegula m'mawa kuti ndione ngati zagona bwino, madzulo kuti ndione ngati uchi wawonjezekera. Mbola zinanditupitsa masaya mpaka kutchalitchi anayamba kunong'onezana kuti ndapeza ntchito ku bungwe. Sabata yotsatira dzina langa linali m'komiti yosonkha ndalama za malata.

Alangizi atabwera anandiyang'ana kumaso, n'kuyang'ana mng'oma. "Bambo, kodi njuchizi munazikongoza ndalama?"

Anati pamene pali ana, njuchi zimasunga kutentha kwa madigiri 35, ndipo ndikavundukula zimayambiranso kufunditsa. Ming'alu imene zamata ndi utomoni ndimaiswa. Utsi wanga umazisiyitsa ntchito n'kuyamba kudzikhutitsa uchi, womwewo ndimabwera kudzawerengera. Anawonjezera kuti njuchi za kuno ku Africa sizikangana ndi landilodi wovuta, zimangosamuka osatsanzika.

Ndinafunsa kuti ndiye kangati, ndili ndi chiyembekezo choti anena kawiri pa tsiku. Ayi ndithu. Maluwa akachuluka, njuchi zitadzaza mng'oma ndipo zikufuna kugawikana, kamodzi pa masiku 7 mpaka 10. Nambalayi si yongopeka. Mfumukazi yatsopano imatenga masiku 16 kuchokera pa dzira, kachipinda kake kamatsekedwa cha pa tsiku la 8 kapena la 9, ndipo nthawi imeneyo yakale ija imanyamuka ndi pafupifupi theka la gulu. Ukachedwa umazipeza zikulendewera mu mango wa aneba, ndipo nthawi zonse amakhala aneba amene simulankhulana. Koma Juni ndi Julayi, chiperoni chikuwomba, manja m'thumba. Mvula ikugwa, chimodzimodzi.

Masiku ena onsewo, ati, ingoyang'anani pakhomo pa mng'oma. Zikamalowa ndi mungu m'miyendo, kawirikawiri ndiye kuti muli ana, mfumukazi ikugwira ntchito. Onani ngati linthumbu silikukwera, pakani girisi pawaya wopachikira mng'oma, fufuzani mapazi a chiuli.

Abale, uphungu uwu ndinaulandira ndi manja awiri. Kwa nthawi yoyamba sayansi inandilamula kukhala pansi. Pano ndimatenga mpando n'kukhala pamthunzi chapatali, kapu ya thobwa m'manja, kuchita kafukufuku. Mayi akunyumba akadutsa ndi khasu amafunsa, "Abambo ake, lero ofesi mutseka nthawi yanji?" Ndimawauza kuti asandisokoneze, ndikuwerenga mungu. Iwo amati chimanga nacho chikufuna insipekitala, ndipo chimenecho sichiluma.

Masaya aphwa, koma a komiti sakukhulupirira. Akuti ndikubisa chuma. Inu amene mwangogula mng'oma, lembani tsiku lotsegula pakalendala, ndipo kalendalayo muwapatse mayi kuti asunge.