Ulemu kwa Kapurosesa Kowotcha Ntchafu

Anthu odziwa za makompyuta ali ndi tsankho. Akati ayamikire, amayamikira mapurosesa a m'maseva, aja okhala m'zipinda zozizira za makampani akuluakulu, ngati kuti ndiwo okha amakhetsa thukuta pa dziko lino. Ine lero ndavula chipewa, ndagwada, ndipo ndikuwombera m'manja kapurosesa ka m'laputopu ya kaunjika, kamene kamatiwotcha ntchafu usana ndi usiku popanda woti n'kukauza kuti zikomo.

Taonani kaye mmene bwana wa m'seva amakhalira. Intel inatulutsa Xeon mu 1998, AMD inabweretsa EPYC mu 2017, ndipo chiyambire akuluakuluwa akungonenepa. EPYC 9654 ya mu 2022 ili ndi ma core 96, ndiye kuti antchito 96 pa kachidutswa kamodzi, ndipo imameza mawati 360. Ina ya mu 2024 inafika ma core 192 ndi mawati 500. Bwanayu amagona pa shelefu yachitsulo, m'chipinda chopanda fumbi, kamphepo kayaziyazi kakuwomba chaka chonse. Magetsi akazima, mabatire amalandira pompo, jenereta n'kudzuka. Ngakhale RAM yake ndi yapadera, ya ECC, yomwe imadzikonza yokha ikaphonyetsa pang'ono. Ndani angalephere ntchito akusamalidwa chonchi?

Kathu kano anakapatsa mawati 15 basi, nati kadzionere. Ena a m'banja la Celeron amakhalira mawati 6 ndi ma core awiri, koma simudzawamva akudandaula, kupatula kulira kwa fani. Purosesa ya m'seva imakhala pa soketi, ikakalamba amaizula bwinobwino n'kuikapo ina. Kathuka anakawotcherera pa bolodi kufakitale, ukwati wake ndi wa mpaka imfa. Pamwamba pa zonsezo kamasenzanso ntchito yoonetsa zithunzi ndi mafilimu, yomwe mapurosesa ambiri akuluakulu a m'maseva alibe nayo gawo. Bwana wa ma core 96 payekha sangakuonetseni ngakhale mpira wa Loweruka.

Koma chimene chimandigwetsa misozi ya ulemu ndi khalidwe lake pa nkhani ya kutentha. Mukangotsegula pulogalamu yolemera, kamathamanga ndi mtima wonse, liwiro limene a Intel amalitcha Turbo Boost. Kamatero kwa masekondi owerengeka chabe. Kenako thupi limatentha, ndipo kakayandikira madigiri 100 kamadzibweza kokha kuti kasapse. Ndi wakabaza weniweni amene wanyamula mayi ndi thumba la chimanga: poyambira chitunda amapalasa moonetsa mphamvu, pakatikati wayamba kuwefuka, kenako watsika n'kumakankha njinga, koma katundu sataya ndipo ndalama sawonjeza. Inu mwakhala phee kuyang'ana kabwalo kaja kakuzungulira pa sikirini, mwina mukutukwana chamumtima, osadziwa kuti mkatimo muli wina amene akusankha pakati pa ulemu wanu ndi moyo wake.

Ndiye pali fani. Aa, fani! Imeneyi ndiyo mneneri wa kapurosesa, yolengeza masautso ake kwa onse okhala pafupi. Imadziwa nthawi yoyenera kuyamba. Siilira muli nokha masana. Imadikira pamsonkhano, wapampando atangoti tiyeni tiweramitse mitu tipemphere, ndiye yayamba, fyuuu, mpaka wopempherayo kukweza mawu. Imadikira pakati pa usiku, mwana atangogona movutikira. Ikani dzanja pambali pa laputopu mumve mpweya umene ukutulukamo: m'mwezi wa Juni ndi dalitso, m'mwezi wa Okutobala ndi chilango cha machimo amene simukuwakumbuka. Mukaitsegula pansi, pa timipata ta fani mumapeza kansalu kotuwa ka fumbi, ubweya wa bulangete ndi nyenyeswa za mandasi, zonse zitagwirana bwino moti mutha kuzichotsa ndi zala ziwiri osaduka.

Bulangete limenelo ndi mlandu wa aneba anga, ndipo ndiwanena. Amaika laputopu pabedi, mabowo onse opumira atatsekeka, n'kutsegula masamba a Chrome osawerengeka, nyimbo zikulira, filimu ikutsika, kenako amabwera kwa ine nkhope ili gwa: “Achimwene, makinawa alowa vairasi.” Vairasi wake ndinu, bambo. Wina anatulukira nzeru yoika zitsekerero zinayi za mabotolo pansi pa laputopu kuti mpweya uzidutsa, ndipo ameneyo ndimamulemekeza ngati injiniya. Koma winanso amayenda mokweza mapewa chifukwa cha kasitika kolembedwa Core i7, osafunsa kuti i7 yakeyo ndi ya m'badwo uti. Windows 11 itabwera n'kunena kuti ikufuna m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita m'tsogolo, i7 ija inakanidwa pakhomo, ka i3 katsopano n'kulowa monyadira. Kasitikako sanakamatule mpaka lero, amakapukuta ndi mpango.

Tsono apa nthabwala zikundithera. Seva ija, yodyetsedwa bwino, ya alonda pakhomo ndi jenereta kuseri, ndi yomweyo imene timamva kuti “yagwa”. Mwadzuka m'bandakucha, mwalipira minibasi, mwaima pamzere mpaka miyendo kuchita dzanzi, mwafika pawindo, ndipo mayi wa kuseri kwa galasi, osakweza n'komwe maso kuchoka pa foni yake, akuti: “Sisitimu yagwa, bambo, mubwere mawa.” Yagwa kuchokera pati? Inakwera mumtengo? Mawu amenewa asanduka tchuthi chosalembedwa pa kalendala. Akangomveka, ofesi yonse imapuma mpweya wabwino, tiyi amafika, ndipo palibe amene amaoneka wothamangira kukaidzutsa. Kunena zoona, kawirikawiri purosesa ya m'sevayo imakhala ilibe mlandu: wina sanalipire intaneti, wina sanagule dizilo wa jenereta, chingwe chaduka penapake. Koma dzina loipa limagwera makina, poti makina sayankha.

Kapurosesa kanga kalibe mwayi umenewo. Ine sindingauze mkonzi wa magazini kuti laputopu yagwa, mubwere mawa. Magetsi akazima kamapitiriza ndi batire lotopa lija, kamadzichepetsa liwiro kuti mphindi zichuluke, sikirini n'kuchita mdima pang'ono, ndipo nkhani imatha kulembedwa. Seva imatumikira anthu zikwizikwi nthawi imodzi, zimenezo sindikana, ndipo mauthenga athu a WhatsApp amadutsa momwemo. Koma sinanyamulidwepo m'chikwama pamodzi ndi nthochi, sinakhalidwepo ndi mwana, ndipo sinamwepo tiyi wotayikira pa kiyibodi.

Choncho ndikupempha akuluakulu a ku ofesi ija, mwaulemu wonse, kuti atibwereke seva yawoyo kwa sabata imodzi m'mwezi wa Okutobala. Tidzaipereka kwa aneba anga aja, aiike pa bulangete, atsegule Chrome. Ndi mawati 360 amenewo, ikakana kugwira ntchito tidzaterekapo mphika wa nyemba, ndipo mayi wa pawindo tidzamuitana adzadye nawo, akabwera tidzamuuza kuti sizinapse, abwere mawa.