Za Madirowa a Kubuti ndi Khalidwe Lawo pa Msewu wa ku Kayelekera

Dirowa, malinga ndi chiphunzitso cha akalipentala, ndi bokosi lopanda chivundikiro limene limatuluka likakokedwa n'kulowa likakankhidwa, koma madirowa odzikhomera pakhomo kuti aikidwe kubuti, kutanthauza kumbuyo kwa galimoto kumene kumakhala katundu, sanavomerezebe chiphunzitso chimenechi. Umboni wake uli mu Toyota Probox ya mlembi wa nkhani ino, bambo amene luso lake la matabwa linathera pa mpando wa nkhuku.

Chilakolako cha madirowa chili ndi mbiri. Kayelekera ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 52 kumadzulo kwa tawuni ya Karonga, chakufupi ndi msewu wopita ku Chitipa, ndipo kampani ya Paladin Energy itatsegula mgodi wa uranium mu 2009, anthu anayamba kuona galimoto zimene chida chilichonse chimakhala ndi malo akeake. Mlembi, amene jeke, masipanala, usipa wouma ndi nsapato za kutchalitchi zinkagona pamodzi kubuti kwake, anadwala kaduka, matenda amene akatswiri amawatcha chitukuko.

Kakhomedwe kake n'kosavuta kufotokoza. Pamafunika thabwa la pulayiwudi, lomwe ndi timatabwa topyapyala tomatidwa pamodzi ndipo limagulitsidwa lotalika mamita 2.4, mulifupi 1.2, pamafunikanso sowo, misomali, mabawuti ndi tepi yoyezera. Mlembi tepiyo anaiona ngati mwambo wa anthu osadzikhulupirira, choncho anayeza ndi chingwe, chomwe ana anadulako chawo muyeso usanafike pa thabwa. Anaiwalanso kuti buti si mbali zinayi zowongoka, pakuti pamwamba pa matayala akumbuyo pali malinunda awiri amene amadya malo mosapempha. Kalipentala wa pamsika atafunsidwa maganizo, anayang'ana ntchitoyo kwa nthawi yaitali, n'kufunsa mwaulemu ngati kumudzi kwagwa zovuta.

Chimene chimafuna kafukufuku wozama ndi khalidwe la madirowa awiriwa. La kumanja ndi lomasuka: popeza lilibe loko, pachikweza limathamangira kumbuyo n'kumenya chitseko, pachitsetse limabwerera n'kumenya mipando, ndipo msewu wochoka kunyanja kukwera mapiri a ku Chitipa uli ndi zikweza ndi zitsetse zokwanira kuti okwera afike atalapa machimo onse. La kumanzere ndi louma mtima. Thabwa limamwa chinyezi n'kufufuma, kotero kuti mvula ikangoyamba, yomwe kumpoto kuno imachedwa kutsanzika, dirowali limatsekeka, ndipo sera wa kandulo, sopo ngakhale mafuta ophikira, zonse zopaka m'mbali kuti literere, zimangolinenepetsa. Mgodi umene unaima mu 2014 mitengo ya uranium itagwa, n'kugulidwa ndi Lotus Resources mu 2020, unayambanso ntchito mu 2025. Dirowa la kumanzere silinalengeze tsiku.

Pa nkhani ya malo, mayi a kunyumba, amene masamu awo salakwa, anapeza kuti matumba a mpunga wa Kilombero a makilogalamu 50 amene kale ankalowa mwamtendere tsopano amakhala pampando, eni mpando n'kukhala pamatumba.

Chotsala ndi tayala la sipeya, lija losungira tsiku la tsoka. Chimango cha madirowa chinamangidwa ndi mabawuti m'njira yakuti tayalalo silingatuluke chimangocho chisanachotsedwe, mfundo imene inadziwika tayala lakutsogolo litaphwa pakati pa phiri, mvula ikugwa, apongozi ali m'galimoto. Kumasula mabawutiwo kumafuna sipanala ya nambala 13, ndipo sipanalayo, mogwirizana ndi dongosolo latsopano lakuti chida chilichonse chikhale ndi malo akeake, inali itasungidwa bwinobwino m'dirowa la kumanzere.